Vuto Lililonse Lili ndi Dzina Lake

Tengani madizeteshoni angapo pa shelefu ya laibulale ya yunivesite iliyonse kuno kwathu, mutsegule mutu woyamba wa iliyonse. Pali liwu limodzi la Chingerezi limene mukumane nalo musanamalize tsamba lachiwiri, ndipo liwulo ndi "challenge". Alimi a fodya ali ndi "challenges". Aphunzitsi a kumidzi akukumana ndi "challenges". Chipatala chimene mankhwala a malungo anatha mwezi wathawu, nachonso akuti chili ndi "challenges". Liwuli lili ngati chitenje: ukachiponya pamwamba pa dengu, wodutsa sadziwa ngati mkatimo muli ufa, tomato kapena makala. Olemba malipoti a m'maofesi amalikonda chifukwa silikhumudwitsa bwana aliyense. Koma wolemba kafukufuku ntchito yake ndi ina. Iye anapita kukafufuza kuti adzatiuze chimene chili m'dengumo.

Tikamacheza pamaso ndi pamaso, kungonena kuti "pali vuto" kumakwanira. Nkhope imathandiza, mawu amakwera kapena kutsika, ndipo womvera akapanda kumvetsa amafunsa kuti, "Vuto lanji?" Pepala silingafunsidwe. Amene adzawerenge ntchito yanu mwina ndi mphunzitsi wa ku yunivesite ina amene wapatsidwa kuti achonge, mwinanso katswiri wa ku Nairobi kapena ku Edinburgh amene magazini ya kafukufuku yamutumizira nkhani yanu kuti aiunike. Munthu wotereyu sanapondeko m'dera lanu. Chimene ali nacho ndi mawu amene mwaika papepalawo basi. Akaona "crisis" amayembekezera umboni wakuti zinthu zafika pa mwana wakana phala. Akaona "caused" amasakasaka pamene mwasonyeza kuti chinthu chimodzi chinabaladi chinzake. Liwu lililonse lotchulira vuto limanena kukula kwa vutolo, gwero lake ndi amene ali ndi mlandu, kaya wolembayo akufuna kaya sakufuna.

Katswiri wa zilankhulo John Swales, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku yunivesite ya Michigan, anasanthula mmene akatswiri amatsegulira nkhani zawo za kafukufuku. M'buku lake la mu 1990 lotchedwa Genre Analysis anasonyeza kuti ambiri amachita zinthu zitatu: amayamba ndi kufotokoza zimene zikudziwika kale, kenaka amaloza pamene pali mpata kapena pamene pavuta, ndipo pomaliza amanena mmene ntchito yawo ilowere pampatapo. Chachiwiricho ndiye msana wa nkhani yonse. Vuto likatchulidwa molakwika pamenepo, mafunso a kafukufuku amapotoka, njira yosonkhanitsira umboni imapotoka, ndipo malangizo a kumapeto amakachiza nthenda imene wodwalayo alibe.

Tiyambe ndi mawu amene ophunzira amawasinthanitsa ngati n'chimodzimodzi. "Problem" ndi chinthu chimene chalakwika ndipo chikufunika kukonza. Denga la kalasi likudontha, mjigo wafa, ana akusiyira sukulu panjira. "Issue" ndi nkhani imene anthu akusiyana maganizo, imene ili ndi mbali ziwiri kapena kuposa. Funso lakuti ana a sitandade 1 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo kapena m'Chingerezi ndi "issue", chifukwa pali anthu anzeru zawo mbali zonse. Denga lodontha palibe amene amaliikira kumbuyo. "Challenge" ndi ntchito yovuta imene imayesa mphamvu kapena luso la munthu, ndipo liwuli limanyamula chiyembekezo chakuti akalimbikira apambana. Kuphunzitsa ana oposa zana m'kalasi imodzi ndi "challenge" kwa mphunzitsiyo. Koma kuti ana ochuluka chotero aunjikane m'kalasi imodzi ndi "problem", ndipo mwini wake si mphunzitsi ayi. Mukalemba "challenge" pamene panafunika "problem", mwasenzetsa mphunzitsi katundu wa anthu ena mosazindikira.

Ambiri amathawa "problem" poganiza kuti ndi liwu la ku pulayimale. Mu 2000, Averil Coxhead wa ku yunivesite ya Victoria mumzinda wa Wellington ku New Zealand anatulutsa mndandanda wa magulu a mawu 570 amene amapezeka kawirikawiri m'zolemba za maphunziro apamwamba. "Issue" ndi "challenge" alimo, "problem" mulibe. Sikuti liwulo ndi lotsika. Coxhead anachotsa dala mawu onse amene anali kale pa mndandanda wa mawu wamba pafupifupi 2,000 amene Michael West anasindikiza mu 1953, ndipo "problem" ndi limodzi mwa amenewo. Akatswiri a masamu, a zachuma ndi a zaumoyo amalilemba tsiku ndi tsiku popanda manyazi.

Palinso ena atatu ofunika kuwasiyanitsa. "Constraint" ndi malire amene munthu akugwira ntchito mkati mwake, monga kuchepa kwa munda kapena bajeti imene inadutsa kale. "Barrier" ndi chopinga chimene chaima pakati pa munthu ndi chinthu chimene chilipo: chipatala chilipo, koma mtunda, ndalama ya kabaza kapena mtsinje wodzadza zikumulepheretsa mayi kufikako. "Dilemma" ndiye amalizunza kwambiri. Si vuto lalikulu chabe. Ndi pamene munthu ali ndi njira ziwiri ndipo iliyonse ili ndi zowawa zake. Mlimi amene akufuna fizi ya mwana mu Meyi, chimanga chili chotchipa, akudziwa kuti akagulitsa adzagulanso chimanga chomwecho modula mu Januwale, ndipo akasunga mwana abwezedwa kusukulu. Ameneyo ndiye ali pa "dilemma".

Chasowa, chachepa, kapena chimatha?

Yerekezani mtsikana wa chaka chachinayi atakhala mu ofesi ya supavaiza wake, pepala lili pa tebulo, cholembera chofiira chazunguliza chiganizo chimodzi: "There is lack of drugs at the health centre."

"Pachipatalapa mulibiretu mankhwala?" akufunsa mayiyo.

"Ayi Madamu, ena alipo."

"Amene kulibe ndi ati?"

"A malungo, LA uja. Panado ndi ena amapezeka."

"Kulibe chaka chonse?"

"Amabwera, Madamu. Koma akabwera sachedwa kutha, ndiye anthu amadikira galimoto ina."

"Ndiye zimene wandiuzazi zili pati papepalapa? Iwe ukudziwa zinthu zitatu, koma walemba chimodzi, chimenenso si choona."

Mtsikanayu Chingerezi amachidziwa. Chimene chamupweteka n'chakuti walemba liwu loyamba limene linamubwerera. "Lack" limanena kuti chinthu palibe, kapena chilipo chochepa mosaneneka. "Absence" limanenetsa kuti palibiretu. "Shortage" ndi pamene chilipo koma sichikukwanira ofuna. Ndipo a zaumoyo ali ndi liwu lawolawo la mankhwala amene amabwera n'kutha ena asanafike, "stock-out", limene limayezedwa ndi masiku amene shelefu inakhala yopanda kanthu. Akalemba kuti "recurrent stock-outs of first-line antimalarials", woweruza akudziwa kale mankhwala ake, akudziwa kuti zimachitika mobwerezabwereza, ndipo akudziwa chimene chiwerengedwe m'mutu wachinayi. Onaninso kuti mtsikanayu atafunsidwa m'Chichewa anasiyanitsa bwinobwino "kulibe", "sakwanira" ndi "sachedwa kutha". Nthawi zambiri wophunzira amadziwa vuto lake mwatsatanetsatane, koma tsatanetsataneyo amatayika panjira yopita ku Chingerezi. Sikulakwa kuyamba mwadzifotokozera nokha m'chilankhulo chimene mumaganizira, n'kufunafuna liwu la Chingerezi pambuyo pake.

Kanthu kena kakang'ono: "lack" likakhala dzina timati "a lack of water", likakhala mneni timati "the village lacks water", popanda "of". Ochonga amaona cholakwika chimenechi kangapo pa tsiku.

Tsono pali mawu ena amene akatswiri anawaikira muyeso, moti sungawatchule mwachisawawa. Chitsanzo chabwino ndi njala. Kwathu kuno liwu lakuti njala limayambira pa mwana amene wachedwa kulandira phala mpaka pa chaka chimene anthu ankadya zikhawo. Olemba mbiri amagwiritsa ntchito "famine" ponena za njala ya mu 1949, imene Megan Vaughan anailembera buku lonse mu 1987. Koma m'malipoti a masiku ano liwuli lili ndi malire ake. Ndondomeko yotchedwa IPC, imene inayambira ku Somalia mu 2004 ndipo komiti ya MVAC imaigwiritsa ntchito pounika za chakudya m'Malawi, ili ndi magawo asanu. Gawo lachitatu limatchedwa "crisis", lachinayi "emergency", ndipo "famine" ndi lachisanu. Kuti dera lilengezedwe kuti lafika pagawo lachisanu pamafunika zinthu zitatu pamodzi: mabanja osachepera 20 pa 100 alionse akhale opanda chakudya kotheratu, ana osachepera 30 pa 100 alionse akhale owonda mowopsa, ndipo anthu awiri pa 10,000 alionse azimwalira tsiku lililonse. Madera ena a Somalia anafika pamenepo mu 2011, ndipo ena a South Sudan mu 2017. Wophunzira amene walemba "famine" chifukwa mabanja a m'mudzi wina akudya kamodzi patsiku mu Febuluwale, mtima wake uli pabwino, koma katswiri amusiya pomwepo. Mawu oyenera pamenepo mwina ndi "food insecurity", kapena "seasonal hunger" ngati ikubwera chaka ndi chaka m'miyezi yodikira zokolola.

Chimodzimodzi ndi "malnutrition". Kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pamene owonda poyerekeza ndi msinkhu wawo anali atatu okha pa 100 alionse. Kupinimbira ndi "stunting", ndipo kumabwera pang'onopang'ono chifukwa cha zakudya zosakwanira ndi matenda a nthawi yaitali. Kuwonda kwadzidzidzi ndi "wasting", ndipo kumeneko ndiye kumafuna chiponde msangamsanga. Mukangolemba "malnutrition", woweruza sadziwa ngati mukunena za ana 37 aja kapena atatu aja, ndipo chithandizo chake n'chosiyana.

A zaumoyo amasiyanitsanso "prevalence" ndi "incidence". Loyamba ndi chiwerengero cha onse amene ali ndi matenda pa nthawi imene mukuwerengayo, lachiwiri ndi cha amene angowatenga kumene m'nyengo yakutiyakuti. Pa nkhani ya HIV kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Ma ARV akamagwira ntchito, anthu amakhala ndi moyo zaka zambiri, choncho "prevalence" ikhoza kukhalabe yokwera pamene "incidence" ikutsika. Wosokoneza mawu awiriwa angalembe kuti nkhondo yolimbana ndi kachilomboka yalephera, pomwe manambala ake omwewo akunena kuti anthu asiya kufa.

Nalo liwu lakuti "outbreak" silidalira kuchuluka kwa odwala kokha. Mu Febuluwale 2022 boma la Malawi linalengeza "outbreak" ya poliyo mwana mmodzi yekha atapezeka ndi matendawa ku Lilongwe, chifukwa Africa yense anali atalengezedwa mu 2020 kuti mtundu wa poliyo umene mwanayo anadwala kulibenso. Mmodzi anali wochuluka kuposa amene ankayembekezeka. Malungo amadwalitsa anthu miyandamiyanda chaka chilichonse, koma liwu lake ndi "endemic", kutanthauza kuti ndi matenda okhazikika m'deralo. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 inali "outbreak" imene inafalikira m'maboma onse. "Pandemic" ndi ya mayiko ambiri nthawi imodzi, monga mmene bungwe la WHO linatchulira COVID-19 pa 11 Malichi 2020. Ife zonsezi timangoti mliri. Pa za mvula ndiye Chichewa chimatithandiza, poti mlimi aliyense amadziwa kuti ng'amba ya masabata awiri mu Januwale si chilala. Choyambacho ndi "dry spell", chinacho ndi "drought".

Chinabala chinzake ndi chiti?

Maina a mavuto akakhala bwino, msampha wotsatira uli pa aneni. "Poverty causes early marriage." Chiganizo chotere chimamveka choona, ndipo mwina n'choona ndithu. Funso ndi lakuti, kodi kafukufuku wanuyo wasonyeza zimenezo? Ngati munayenda m'midzi ndi mafunso kamodzi kokha, n'kupeza kuti atsikana okwatiwa msanga ambiri ali m'mabanja osauka, chimene mwaona n'chakuti zinthu ziwirizi zimapezekera pamodzi. Simunaone chimene chinayamba. Mwina umphawi unakankhira mtsikana kubanja, mwina kukwatiwa msangako ndiko kwasaukitsa banjalo, mwinanso zonse ziwiri zikuchokera ku chinthu chachitatu, monga kutalika kwa sekondale. Mawu amene umboni wotere ungakwanitse ndi "is associated with". "Contributes to" limanena kuti chinthucho chili ndi gawo pakati pa zifukwa zina. "Causes", "leads to" ndi "results in" ndi mawu olemera, ndipo "due to" nalonso limanena chifukwa ngakhale limaoneka lofatsa.

Kuti muone kulemera kwake, kumbukirani nkhani ya fodya. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti odwala khansa ya m'mapapo m'zipatala za ku London ambiri anali osuta. Sanalekere pomwepo. Mu 1951 anayamba kutsatira madokotala a ku Britain zikwi makumi angapo, osuta ndi osasuta, kuti aone amene adzadwale m'tsogolo, ndipo kafukufukuyo anapitirira zaka 50. Mu 1965 Hill anayala mfundo zisanu ndi zinayi zofunika kuziganizira munthu asananene kuti chinthu chikuyambitsa matenda, monga kuti choyambitsacho chiyenera kubwera poyamba, ndiponso kuti chikachuluka matendanso achuluke. Ngati anthu amenewa anavutika chotero kuti afike pa liwu limodzi, wophunzira amene wafunsa anthu kwa masabata ochepa asalitole mopepuka.

Liwu lina lofuna kusamala nalo ndi "significant". M'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku limatanthauza chinthu chachikulu kapena chofunika. M'kafukufuku wa manambala limatanthauza kuti mwayesa ndi masamu, ndipo zotsatira zotere sizikanabwera kawirikawiri zikanakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni. Malire a 0.05 amene ambiri amatsatira anatchuka ndi buku la Ronald Fisher la mu 1925. Kusiyana kukhoza kukhala "significant" pa masamu koma kuli kochepetsetsa, kopanda phindu kwa mlimi kapena wodwala, ndipo mu 2016 bungwe la American Statistical Association linachita kutulutsa chikalata chochenjeza za chisokonezo chomwechi. Ngati simunayese, lembani "substantial", "considerable" kapena "large". Kuposa apo, perekani nambala yeniyeniyo woweruza adzionere yekha.

Tikafika pa kutsimikiza, ophunzira amagwa mbali ziwiri. Ena amati "this study proves", pomwe kafukufuku mmodzi wa m'boma limodzi sangatseke nkhani. "Shows", "indicates" ndi "suggests" amatsika motsatana, ndipo muyenera kusankha malinga ndi mphamvu ya umboni wanu. Ena, atamva kuti akatswiri amalemba modzichepetsa, amaunjika mawu okayikira mpaka chiganizo chimakomoka: "it may possibly suggest that there might be". Liwu limodzi lokayikira likukwana. Ken Hyland, amene analemba buku lonse pa nkhaniyi mu 1998, anasonyeza kuti asayansi amachita zimenezi pofuna kunena molondola pamene umboni wawo walekezera, komanso posiyira anzawo mpata wotsutsa. Si mantha ayi. Gulu la akatswiri a zanyengo la IPCC linafika poika manambala pa mawu ake: likalemba "likely" likutanthauza mwayi woyambira 66 pa 100, "very likely" kuyambira 90, ndipo "virtually certain" kuyambira 99. Inu simukukakamizidwa kutero, koma ndi bwino kudzifunsa kuti "likely" wanuyo mungamuikire nambala yanji.

Za mawu ofuula monga "alarming", "rampant", "devastating" ndi "skyrocketing" sitichedwapo. Ndi a pa tsamba loyamba la nyuzipepala. Ana 37 pa 100 alionse opinimbira safuna kuwonjezera "alarming" kuti munthu agwidwe nthumanzi.

Mlandu ukugwera ndani?

Gawo limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse ndi la mawu amene amaloza chala. Wophunzira akamaunika zolemba za ena amakonda kulemba kuti "previous studies failed to" kapena "the author ignored". "Failed" limanena kuti munthuyo anayenera kuchita chinthucho ndipo analephera. "Ignored" limanena kuti anachiona n'kuchinyalanyaza dala. Ngati katswiri anafufuza za chimanga ku Dedza ndipo inu mukufuna za mpunga ku Karonga, iye sanalephere kanthu, anali pa ntchito ina. "Did not examine" kapena "focused on" akunena zoona popanda kunyoza. Pajatu dziko la akatswiri ndi laling'ono, ndipo amene mwamunena kuti analephera akhoza kukhala yemweyo wodzachonga ntchito yanu. Koma ngati pali cholakwika chenicheni, chitchuleni. "Limitation" ndi malire amene kafukufuku aliyense ali nawo, monga kuchepa kwa anthu ofunsidwa. "Flaw" ndi chilema chimene chikugwetsa zotsatira. "Error" m'sayansi nthawi zambiri si kulakwa kwa munthu, ndi kusiyana kwa muyeso ndi chenichenicho, kumene kumakhalapo ngakhale sikelo ili yabwino. "Bias" ndi kupendekera mbali imodzi nthawi zonse, monga pamene mwafunsa okhawo amene anabwera kuchipatala n'kusiya amene analephera kufikako. Kunena kuti kafukufuku ali ndi "bias" sikunena kuti mwini wake ndi wakondera.

Choopsa kwambiri ndi pamene chalacho chaloza anthu amene sadzawerenga n'komwe zimene mwalemba. "Farmers' ignorance", "failure to adopt modern methods", "negative cultural beliefs": mawu otere amadzadza m'madizeteshoni, olembedwa ndi ana a alimi omwewo. Mayi amene sanathire feteleza kawiri mwina amadziwa bwino lomwe ubwino wake, koma thumba linakwera mtengo. Mukalemba "ignorance" mwagamula kale mlandu, ndipo malangizo anu adzakhala akuti alangizi apite akaphunzitse anthu zimene akudziwa kale. Mukalemba "cost" kapena "limited access to credit", malangizo adzaloza kwina. Ndiye liwu limodzi likhoza kutumiza galimoto ya pulojekiti njira yolakwika. A zaumoyo anazindikira zimenezi. Kwa zaka zambiri wodwala TB amene wasiya kubwera kudzalandira mankhwala ankatchedwa "defaulter", liwu lomwe amatchulira munthu wothawa ngongole. Mu 2013 WHO inasintha n'kuyamba kunena "lost to follow-up", mawu amene amavomereza kuti mwina chipatala ndicho chamutaya munthuyo. UNAIDS nayo imalangiza kulemba "people living with HIV", osati "AIDS victims".

Aneni onena za kuthetsa vuto nawonso ali ndi makwerero. "Address" ndi kuchitapo kanthu, osalonjeza zotsatira. "Mitigate" ndi "alleviate" ndi kuchepetsa ululu wake. "Solve" ndi kulithetsa. "Eradicate" ndi kulifafaniza padziko lonse moti silidzabweranso, ndipo pa matenda a anthu zimenezi zachitika kamodzi kokha, pamene WHO inalengeza mu 1980 kuti nthomba yatha. Mu 2022 bungwe lomweli linatsimikiza kuti Malawi yagonjetsa matenda a maso a trachoma, koma mawu amene linagwiritsa ntchito ndi "eliminated as a public health problem", kutanthauza kuti odwala atsika kufika pansi pa muyeso woikika, osati kuti kachilomboko kulibenso. Pulopozo ya wophunzira mmodzi imene ikulonjeza "to eradicate poverty" m'dera la mfumu yakutiyakuti imaseketsa komiti isanafike n'komwe pa bajeti.

Nanga mawu oyenerawa munthu amawapeza kuti? Osati pa batani la pa kompyuta limene limapereka mawu ofanana matanthauzo. Buku la mtundu umenewo, limene Peter Mark Roget anayambitsa mu 1852, linapangidwira munthu amene akuwadziwa kale mawuwo koma wangoiwala. Kwa amene sakuwadziwa, limamuuza kuti "predicament", "quandary" ndi "setback" onse ndi abale a "problem", osamuuza kuti sangakhale pampando umodzi. Zimaoneka msanga wophunzira akasintha mawu mwa njira imeneyi pofuna kuzemba makina ogwira okopera: chiganizo chimakhala ndi mawu akuluakulu amene sakudziwana. Chothandiza ndi dikishonale yopangidwira ophunzira Chingerezi, monga ya Oxford imene A. S. Hornby anaiyambitsa, chifukwa imapereka ziganizo za chitsanzo ndi mawu amene amayendera limodzi. Mmenemo mupeza kuti timati "pose a threat", "raise a concern", "face a shortage", ndi kuti "affect" ndi mneni pamene "effect" kawirikawiri ndi dzina. Yunivesite ya Manchester ilinso ndi tsamba la ulere pa intaneti lotchedwa Academic Phrasebank, limene John Morley anasonkhanitsa, ndipo lili ndi zigawo za mmene akatswiri amatchulira mipata, zofooka ndi zokayikitsa.

Koma mphunzitsi woposa onsewa ndi nkhani zosindikizidwa za m'phunziro lanu lomwelo. Sankhani zingapo zabwino, mukhale ndi kope pambali, ndipo paliponse pamene wolemba akutchula vuto lembani liwu limene wasankha, mneni amene waliperekeza, ndi umboni umene waika pambuyo pake. Ziyenera kukhala za m'phunziro lanu chifukwa liwu limodzi limasintha likawoloka kolido. "Stress" kwa wophunzira za maganizo a anthu ndi kupanikizika mumtima, kwa wa zaulimi ku Bunda ndi chimanga chimene chafota ndi dzuwa, kwa wa zomangamanga ndi mphamvu imene ikukanikiza chitsulo cha mlatho. "Depression" kwa dokotala ndi matenda, kwa wa zachuma ndi kugwa kwa malonda kwa zaka zingapo monga kunayamba mu 1929, ndipo kwa a zanyengo ndi dera la mpweya wopepuka, monga pamwamba pa nyanja ya India, limene mphepo yake ikakula limapatsidwa dzina, monga Freddy wa mu 2023.